Timawaya tomwe amamata pansi pa buliji ndi tachani?

WaKuMzimba:
Abale muli bwanji kuno ku Joni. Ine ndimayendetsa lobedi, chithiraki cha ngolo yotsika pansi chija, kunyamula makatapila. Sabata yatha ndinanyamula excavator ya matani 30, kufika pa buliji ina pafupi ndi pomwe tikugwira ntchito injiniya anandiimitsa ola lathunthu, anyamata ake akumata tizinthu tating'ono ngati chikhadabo pansi pa buliji timawaya tikupita ku laputopu, kenako akuti dutsani pakati penipeni pang'onopang'ono osaponda mabuleki, galimoto zina zonse ziime. Mtima unali m'mwamba. Amayeza chani kodi? Mesa pemiti ndinali nayo kale?

MaluwaRosettenville:
Achimwene timeneto ndi ma strain gauge. Katundu akakwera buliji imawerama pang'ono ndiye pansi pake pamatamuka, ndi maso simungaone koma kawaya kali m'katimo kamatamuka nawo, magetsi odutsamo amasintha laputopu nkuwerenga. Kuweramako si vuto, buliji iliyonse imatero. Iwo amafuna aone ngati mukadutsa ikubwerera pomwe inali. Ikakana kubwerera ndiye kuti m'kati mwavulala, mwina konkire yang'aluka kapena zitsulo zatopa. Dzuwa nalonso limaifutukula ndiye amalemba ndi kutentha komwe kuti manambala asawanamize.

MkuluWaKireni:
Pemiti ya abnormal, ya katundu wolemera kapena wamkulu mopitirira muyezo ija, imakuuzani njira yodutsa inde, koma buliji imakalamba aphwanga, madzi akalowa zitsulo zimachita dzimbiri. Komanso nkhani si matani okha ngati pa sikelo yoyezera mathiraki ya ku Heidelberg, nkhani ndi pomwe kulemerako kwakhala. Lobedi imaunjika zonse pa ma ekiselo oyandikana, mukathamanga kapena kuponda mabuleki mwadzidzidzi mumakhala ngati mwaimenya ndi hamala. Ife a kireni ndiye zoopsa kwambiri, mwendo umodzi umasenza matani ambirimbiri pamalo ngati chitseko, sitiimika pa buliji injiniya asanasaine. A roller, makina otsendera msewu aja, nawo amazimitsa kunjenjemera kuja akamaoloka.

AmayiAwiri:
Ine sindidziwa za mawayazo koma October 2015 ndinkagwira ntchito ku Sandton pamene zitsulo zogwirizira buliji ya apansi ku Grayston zinagwera pa msewu waukulu wa M1, anthu awiri anamwalira. Mpaka lero ndikadutsapo pa taxi ndimayang'ana m'mwamba. Msewu wa M2 nawonso anautseka miyezi ingapo mu 2019 chifukwa cha mabuliji. Dikirani ndithu ola limenelo bambo, chonde.

WaKuMzimba:
Zikomo nonse. Lachisanu ndikaibweza excavator ija njira yomweyo, ndikapempha andionetse manambalawo ndikadutsa.