Abale, "12° R" ndi madigiri angati a masiku ano?

Wobisa dzina: A Admin ndibiseni chonde, anzanga a m'kalasi ali momwe muno. Ndikulemba pepala lomalizira maphunziro, la mbiri yakale, lofunika Lachisanu lomweli. Supavaiza wanga watha masabata atatu osandiyankha, koma pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku ali maso. Laputopu ndi yobwereka, chaja yake yomanga ndi mphira, mwini wake akuyifunanso. Bandulo anandimalizira mnzanga wa m'chipinda ndi mafilimu. Ndiye m'buku lina lakale alemba kuti kuchokera m'mamawa kufika masana kutentha kunakwera ndi 12° R. Ndalemba pa foni, yandipatsa -266°C. Pena yandipatsa 59°F. Mutu waima, ndilembe chiti?

Mphunzitsi Wopuma: Ana a masiku ano! Chilichonse foni. Ife tinaloweza izi tili Fomu 2, ndodo ili pa tebulo. R imeneyo ndi F yofufutika basi. Chotsa 32, chulukitsa ndi 5, gawa ndi 9. Nkhani yatha.

Kabaza wa ku Mchesi: Aphunzitsi, ndatsata njira yanu ndapeza -11. Dzuwa latuluka, anthu n'kuyamba kuotha moto? Kkkkk

Mphunzitsi Wopuma: Iwe kapalase njinga. Zaka 34 ndagwira choko ine.

Mayi wa Nkhuku: Musandikumbutse. Makina anga oswetsera mazira anabwera ndi choyezera cha F, chimafunika 99.5. Chitasweka ndinagula cha C, mlamu wanga n'kundiuza kuti nambala ndi yomweyo, ndizingokweza mpaka ifike. Inafika kuti? Mazira 120 ndinawaphika ndekha, fungo nyumba yonse. Pa C ndi 37.5, amayi anzanga. Anapiye alipo, wofuna andipeze ku inbox.

Mlongo wa Fizikisi: Achimwene kapena achemwali, simunanene chofunika: bukulo ndi la dziko liti, la chaka chanji? Pali R ziwiri. Ya Rankine, ya 1859, imayambira pa kuzizira kotheratu, -273.15°C, n'chifukwa chake foni yakupatsani -266. Ina ndi ya Réaumur, Mfalansa, ya 1730: madzi amaundana pa 0, amawira pa 80. A ku Germany, France ndi Russia anaigwiritsa ntchito nthawi yaitali. Munthu wolemba za nyengo sangayese ndi Rankine, ndiye ine ndikuti ndi Réaumur.

Mphunzitsi Wopuma: Réaumur wa chiyani? Pa silabasi sanalipo. Musasocheretse mwana ndi zinthu za pa intaneti. Madzi amawira pa 100 kapena 212, zinazo ndi nthano.

Wa ku Parma: Bambo, si nthano. Kuno ku Italy opanga tchizi cha Parmigiano ena akadayezabe ndi Réaumur. Mumva akuti mphika ufike 44, pomwe pa C ndi 55. Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti choyezera chafa. Koma kuzizira kwa kuno abale, zala zimachita kuuma.

Mlongo wa Fizikisi: Ndiye masamu ake: masitepe 80 a Réaumur ndi mtunda womwewo wa masitepe 100 a Celsius, sitepe imodzi ndi 1.25. Mukachulukitsa 12 ndi 1.25 mupeza 15°C. Pa Fahrenheit masitepe ndi 180, kuchokera 32 kufika 212, sitepe imodzi ya Réaumur ndi 2.25, yankho 27°F. 59 ija yabwera chifukwa foni yawonjezera 32, ngati kuti mwafunsa kuti kunja kwatentha bwanji. Inu mwafunsa kuti kwakwera ndi zingati.

Mphunzitsi Wopuma: 32 SATAYIDWA. Amene anakuphunzitsa akubwezere fizi.

Mlongo wa Fizikisi: Aphunzitsi, mwaulemu, yesani nokha. M'mamawa 10° R, masana 22° R. Pa C ndi 12.5 ndi 27.5. Pa F ndi 54.5 ndi 81.5. Chotserani: 15 ndi 27. 32 ali mbali zonse ziwiri, mukachotsera amadyana.

Kabaza wa ku Mchesi: Choko chathyoka kkkk

Mphunzitsi Wopuma: Ulemu unatha m'dziko muno. Ndimanena za kutentha kwenikweni ine, osati kusiyana. Ndipo wofunsayo bwanji akubisa dzina? Wophunzira weniweni amapita ku laibulale.

Gogo wa ku Kasungu: Ife ku esiteti m'mabalani a fodya tinkayendera F, bwana akati kweza madigiri asanu umawonjezera nkhuni osafunsa. Mnyamata wina anagona, balani yonse phulusa. Mwanawe, supavaiza mupite naye nkhuku, adzayankha.

Mayi wa Nkhuku: Nkhukuyo agule kwa ine.

Wobisa dzina: Zikomo nonse, magetsi anazima, ndabwera kumene. Mwini laputopu wayitenga, ndikulembera pa foni. Makomenti ndi ambiri sindinawerenge onse. Ndiye ndilembe 59 ija eti?

Mlongo wa Fizikisi: Ayi! 15°C ngati ndi Réaumur. Tsegulani tsamba loyamba la bukulo, linasindikizidwa kuti?

Mphunzitsi Wopuma: Lemba -11, ukalakwa ubwere kwa ine.