Za mng'ono wanga uja wofuna ntchito ya chipatala ku usilikali

Mwezi watha ndinafunsa ngati mng'ono wanga, clinical officer wophunzira ku koleji ya zaumoyo ya Malamulo, adzere kwa mkulu wina wa chipani kuno ku Thyolo, amene analonjeza kumulowetsa ntchito ya chipatala ku Malawi Defence Force. Ambiri munati tisamale.

Loweruka tinakumana ndi mkulu wa chipani uja pa Luchenza, m'galimoto mwawo, injini ikulira. Masatifiketi sanawayang'ane n'komwe, envelopu anangoiponya pampando wakumbuyo. Anafunsa ngati mnyamatayo amapezeka pamisonkhano ya chipani, kenako akuti, "Achimwene, pezani kangachepe ka mafuta kuti dzina lifike ku Lilongwe." Zinandiwawa kwambiri. Amayi anathyola tiyi zaka zambiri kuti mwanayu aphunzire.

Bambo aang'ono, omwe anagwirapo usilikali ku Cobbe Barracks ku Zomba, atamva anakaniratu. Akuti ngakhale wachipatala amapimidwa m'thupi n'kukachita maphunziro a usilikali ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, ndipo kumeneko wandale sangakamuthamangire.

Sitinapereke kalikonse. Pano mng'ono wangayo walipira chiphaso chake cha ntchito ku Medical Council of Malawi, akugwira ganyu pa kiliniki ina ku Bvumbwe, ndipo m'mamawa amathamanga m'minda ya tiyi podikira kuti asilikali alengeze zolemba anthu.