Ndithandizeni: agogo eni nyumba ndiwagulire sake wanji pa mphatso ya kutha kwa chaka?

Abale ndi alongo pagulu pano, makamaka inu amene mwakhalitsa ku Japan, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Ndili ku Niigata pa maphunziro, ndipo ndatha chaka ndi miyezi iwiri. Nyumba imene ndikukhala ndi ya agogo awiri, bambo ndi mayi, amene amakhala moyandikana nane. Chaka chatha sinowo atayamba kugwa ndinalibe ngakhale bulangete lochindikala. Agogo aamuna anabwera okha atanyamula hita ya parafini, nandionetsa mothirira mafuta, nandiuza kuti ndizitsegula zenera pang'ono ikamayaka. Agogo aakazi amangosiya thumba la ndiwo zamasamba pachitseko osagogoda. Mu Febuluwale chimfine chitandigwetsa, ndi iwo ananditengera kuchipatala pa galimoto yawo, nakhala pabenchi mpaka ndinatuluka.

Ndamva kuti mu Disembala kuno amapereka mphatso yotchedwa oseibo kwa anthu amene akuthandiza m'chakacho. Agogo aamuna amamwa sake, mowa wa mpunga wa kuno, madzulo aliwonse, ndimawaona. Koma ine sindimwa mowa ngakhale dontho. Dzulo ndinatsikira pansi m'sitolo yaikulu ya m'tauni, ndinapeza mabotolo khoma lonse, ena a 1,500 yen, ena opitirira 10,000 yen, zolemba zonse za kanji, zilembo za Chijapani. Ndinatuluka chimanjamanja.

Ndili ndi 5,000 yen. Ndigule wamtundu wanji? Botolo lalikulu kapena laling'ono? Komanso, kodi kuwapatsa anthu a ku Niigata sake wa ku Niigata komweko sikukhala ngati kumutengera chambo munthu wa ku Mangochi? Sindikufuna kuwachititsa manyazi anthu amene andisunga ngati mwana wawo.

Bambo wina wa ku Kobe: Achemwali, mwaganiza bwino kwambiri. Choyamba, m'sitolo muzinena kuti nihonshu, chifukwa kwa iwo mawu akuti sake amatanthauza mowa uliwonse, ngakhale biya.

Za mitunduyo, ganizirani kukonola chimanga. Mgaiwa umagayidwa ndi gaga yemwe, ufa woyera umachokera ku mphale yokonoledwa. Mpunga wa sake nawonso amaupala kunja kuti atsale ndi mtima wake, ndipo pabotolo amalemba nambala yotchedwa seimaibuai, kusonyeza gawo la njere limene latsala. Akalemba 60%, ndiye kuti 40% anaichotsa ngati gaga. Honjozo amatsala 70% kapena kucheperapo, ginjo 60% kapena kucheperapo, daiginjo 50% kapena kucheperapo. Nambala ikamatsika, mtengo umakwera, ndipo mowawo umapepuka n'kumanunkhira ngati zipatso. Mawu enanso oti muwagwire ndi junmai: amenewa akutanthauza kuti muli mpunga, madzi, koji ndi yisiti basi, sanathiremo mowa wina wotcheza. Koji ndi nkhungu imene imasandutsa mpunga kukhala shuga, ntchito imene chimera chimagwira mu thobwa kwathu.

Pa 5,000 yen mupeza junmai daiginjo wabwino wa 720 ml, wa m'bokosi lake. Dassai 39 wa ku Yamaguchi ndi amene ambiri amathamangira, aliyense amamudziwa.

Mayi wina wa ku Sendai: Achimwene a ku Kobe afotokoza zoona, koma pa Dassai ndiye ndikusiyana nawo. Si kuti ndi woipa ayi. Koma taonani munthu amene tikukamba: mkulu wa ku Niigata, womwa madzulo aliwonse, nyengo ya sinowo. Anthu oterewa kawirikawiri amatenthetsa sake wawo, amaika kabotolo kadothi kotchedwa tokkuri m'madzi otentha mpaka mowa ufike madigiri 40 kapena 50. Daiginjo wonunkhira uja amamwedwa wozizira. Ukamutenthetsa kwambiri fungo lija limathawa. Ine ndinalakwitsapo chomwecho. Ndinagulira apongozi anga aamuna botolo lodula, anathokoza mpaka kuwerama, koma chaka chotsatira ndinalipeza pashelefu lisanatsegulidwe, mowa utasanduka wachikasu. Sake sali ngati vinyo woti azikoma akamakalamba. Ambiri amafunika kumwedwa chisanathe chaka.

Ndiye musanagule, dziwani kaye chimene agogowo amamwa. Tsiku lotaya mabotolo m'dera lanu, yang'anani limene atulutsa, mulijambule pafoni. Kapena funsani agogo aakazi mwakachetechete. Mukatero pitani nacho chithunzicho kwa wogulitsa, mumuuze kuti mukufuna wa kampani yomweyo koma wokwererapo. Munthu amasangalala kulandira chimene amachidziwa kale koma sangadzigulire yekha tsiku wamba.

Wofunsa: Amayi, mwanditsegula maso. Zotenthetsazo ndinaziona ndithu, tsiku lina ndinawapeza ataika kabotolo kotero mumphika pa chitofu. Mabotolo amene amatulutsa ndi aakulu aja, abulauni. Ndiyang'ana dzina lake Lachinayi.

Mnyamata wina wa ku Nagaoka: Tili chigawo chimodzi, asisi. Aakuluwo ndi a malita 1.8, amatchedwa isshobin. Za chambo cha ku Mangochi musade nazo nkhawa. Niigata ili ndi makampani ofulula sake pafupifupi 90, kuposa chigawo china chilichonse m'Japan, ndipo anthu a kuno amanyadira wawo, wopepuka ndi wosatsekemera, amene amamutcha tanrei karakuchi. Mukawapatsa Hakkaisan wa ku Minamiuonuma kapena Kubota wa kuno ku Nagaoka, aona kuti mwana uyu waphunzira za kwathu. Kubota ali ndi masitepe: Senju ndi wapakati, Manju ndi wapamwamba ndipo ndi amene anthu amakonda kupatsana. Pa siteshoni ya sitima ya Niigata pali sitolo ya Ponshukan, ili ndi sake wa chigawo chonse ndipo ogulitsa ake anazolowera alendo.

Chenjezo limodzi lokha. Ino ndi nyengo ya sake watsopano, muona mabotolo olembedwa shiboritate kapena namazake. Namazake sanatenthetsedwe kuti asungike, ndiye amafuna firiji nthawi zonse. Botolo la malita 1.8 silikwana m'firiji ya nkhalamba yodzaza kale ndi zakudya za Chaka Chatsopano. Mukafuna wotero gulani wa 720 ml, apo ayi tengani wamba amene amakhala pamalo ozizira opanda dzuwa.

Bambo wina wa ku Lilongwe: Pepani, ine sindili ku Japan koma ndalowerera. Mwanena nokha kuti simumwa. Bwanji mukufuna kugulira munthu wamkulu mowa? Mukudziwa ngati ali ndi shuga kapena BP? Komanso amayi aja amene amakusiyirani ndiwo pakhomo, iwo alandira chiyani? Tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu akanawasangalatsa onse awiri, ndipo akanadziwa kuti wachokera kwanu.

Wofunsa: Abambo, funso lanu landigwira mtima, makamaka la agogo aakazi. Ndinawaiwala ndithu, chonsecho ndi iwo amandidyetsa. Za matenda, ndimawaona agogo aamuna akumwa pamaso pa akazi awo, kapu imodzi kapena ziwiri pa chakudya, ndipo akali kulima dimba lawo okha. Koma ndifunsabe. Ndili ndi paketi imodzi ya tiyi wa Satemwa imene ndinabwera nayo, sindinaitsegule. Imeneyo ikhala ya amayi.

Mayi wa ku Sendai: Mwachita bwino. Ngati amayiwo samwa, mukhoza kuwonjezera amazake wa koji. Ndi chakumwa chotsekemera cha mpunga, chopanda mowa, chokhuthala ngati thobwa, ndipo chimamwedwa chotentha nyengo ino. Mungofunsa m'sitolo, chifukwa pali wina wopangidwa ndi masese a sake amene amakhala ndi mowa pang'ono.

Tsopano za kaperekedwe, chifukwa kuno chikuto chimalankhula ngati mphatso yomwe. Uzani wogulitsa kuti mukufuna noshi. Akulungirani botolo ndi kuikapo pepala la chingwe chofiira ndi choyera, pamwamba pake mawu a mphatsoyo, pansi dzina lanu. Koma mvetsani apa. Oseibo ndi mwambo wobwereza: ukayamba chaka chino, chaka chamawa amayembekezera kuti upitiriza. Ngati maphunziro anu atsala pang'ono kutha, alembe orei, kutanthauza zikomo chabe. Palibe amene adzakhumudwe. Ndipo ngati m'banjamo munagwa maliro chaka chino, muwauze ogulitsa asaike chingwe chofiiracho.

Nthawi yake ndi kuyambira kumayambiriro kwa Disembala mpaka cha pa 20. Mukachedwa, dikirani Januwale ayambe, mupereke ngati onenga, mphatso ya Chaka Chatsopano, sabata yoyamba. Pewani kupereka zinthu zinayi, nambala 4 imamveka ngati mawu a imfa. Mukafika, tulutsani m'chikwama, perekani ndi manja awiri monga timachitira kwathu, munene kuti "kotoshi mo osewa ni narimashita", ndiko kuti mwandisamala chaka chino. Akayamba kukana musabweze manja, ndi ulemu wawo. Akapanda kutsegula pamaso panu musadabwe.

Bambo wa ku Kobe: Ndavomera za Dassai, amayi. Ine ndimakhala pafupi ndi Nada, kumene madzi ake amatulutsa sake wolimba, ndipo akuluakulu a kuno nawonso sasiya wa kwawo. Achemwali, 5,000 yen yakwana, musawonjezere. Oseibo wambiri amakhala pakati pa 3,000 ndi 5,000 yen. Mukapitirira pamenepo, agogowo ayamba kuvutika mumtima kuti akubwezereni chiyani, podziwa kuti ndinu mwana wa sukulu.

Wofunsa: Ndabweranso, abale. Lachinayi ndinajambula botolo lija, ndi Hakkaisan wamba. Ndinafunsanso agogo aakazi tikuchotsa sinowo pakhomo. Anaseka, nati adokotala anawalola amuna awo kapu imodzi patsiku, ndipo pa 1 Januwale ana awo akabwera kuchokera ku Tokyo amatsegula botolo labwino n'kumwa lozizira onse pamodzi. Ndiye ndagula Hakkaisan junmai daiginjo wa 720 ml wa tsiku limenelo, botolo limodzi la amazake, ndi tiyi uja. Pa noshi ndalembetsa oseibo, chifukwa ndikhala kuno zaka zina ziwiri ndipo ndikufuna kudzabwereza. Wogulitsa anandifunsa kalembedwe ka dzina langa mu katakana, zilembo zawo zolembera mayina achilendo, analemba ndi burashi ine ndikuona. Ndikapereka Loweruka masana, agogo aamuna akabwera ku dimba.