Tenisi ya akazi awiriawiri: kodi ndi ya amene alephera singles?

Nachisale_Chilomoni:
Moni nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna anthu odziwa tenisi andithandize. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14, wakhala akuphunzira masewerawa zaka ziwiri tsopano, Loweruka lililonse timakwera minibasi kuchoka ku Chilomoni kupita mtauni laketi ili kumsana. Ndiye sabata yatha kochi wamuuza kuti pa mpikisano ukubwerawu asewera doubles ndi mtsikana wina wa ku Zingwangwa, singles (yosewera mmodzimmodzi) ayi. Mwana wabwera kunyumba maso ali psuu, nsima sanakhudze, akuti kochi wamutaya, doubles amaikako anthu olephera. Ine ndinasowa chonena poti nanenso pa TV ndimaona gemu ya akazi awiriawiri amaionetsa mwa apo ndi apo, mipando m'bwalo ili pululu. Tsiku lina ndinayesa kuonera, seti yachitatu inatha ndisanamalize kumwa tiyi, osamvetsa kuti zatha bwanji. Kodi mwanayu akunena zoona?

Malume_wa_Ndirande:
Mayi, kamuuzeni mwanayo dzina ili: Cara Black. Ndi wa pa Zimbabwe pompa, wobadwira ku Harare, komwe basi yodzera ku Mwanza ndi Tete imakafika. Pa singles anakwera mpaka nambala 31 basi, koma pa doubles anakhala nambala 1 dziko lonse lapansi masabata 163, tawerengani bwino, ndi zaka zitatu ndi kanthu zimenezo. Wimbledon anatenga katatu, 2004 ali ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, kenako 2005 ndi 2007 ali ndi Liezel Huber amene anabadwira ku Durban, ndipo ndi Huber yemweyo anatenganso Australian Open 2007 ndi US Open 2008. Ndi mchimwene wake Wayne anawina mixed (doubles ya mwamuna ndi mkazi) ku French Open 2002 ndi Wimbledon 2004. Ine ndinkamuonera nthawi imeneyo, sanali wamtali kapena wadzitho ayi, chuma chake chinali manja akaima pa neti, mpira wobwera ngati chipolopolo iye amangoukhudza pang'ono ukagwere poti palibe munthu. Amene amati doubles ndi ya olephera sanamuonepo mayi ameneyu.

Komanso posachedwapa, 2022, Angella Okutoyi wa ku Kenya anawina Wimbledon ya atsikana pa doubles ndi Rose Marie Nijkamp wa ku Netherlands. Mkenya woyamba kutenga chikho cha Grand Slam (mipikisano inayi ikuluikulu: Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open), ndipo anadzera khomo lomwelo mwana wanu akulilirali.

Nabanda_Limbe:
Achemwali ndiyankhe za seti yachitatu ija poti ndinasewerako ndili pa koleji. M'mipikisano wamba ya WTA, bungwe la tenisi ya akazi, doubles anaifupikitsa dala. Gemu ikafika 40-40 sapitiriza, pamakhala poyinti imodzi yokha yogamula ndipo olandira ndi amene amasankha kuti alandire ndani. Akagawana maseti 1-1 palibe seti yachitatu yeniyeni, amasewera tiebreak, kagawo kogamula kofika pa mapoyinti 10, bola mutsogole ndi 2. N'chifukwa chake tiyi wanu sanathe. Ku ma Grand Slam ndiye seti yachitatu amasewera yonse.

Koma chimene ndikufuna mwanayo amve ndi choti doubles si singles yogawana, ndi masewera enanso. Bwalo limakula, m'lifupi limachoka pa mamita 8.23 kufika 10.97 chifukwa tinjira tiwiri ta m'mbali tija timawerengedwa. Ulendo wina mukamaonera musayang'ane amene akuseva, yang'anani mnzake wawerama pa neti uja, dzanja lake lili kumsana akupereka chizindikiro. Ambiri akafumbata chibakera ndiye kuti ndikhala pompano, akatambasula ndiye kuti ndidumphira pakati iwe uthamangire mbali yangayi. Mukasemphana pamenepo nonse mumapezeka mbali imodzi, mpira n'kudutsa mwaulere. Zili ngati GS ndi GA ku netibo, wina akasuntha mnzake adziwe kale kolowera. Ine mnzanga amene ndinkasewera naye tikalakwitsa tinkagundana manja basi osayang'anana moipa, ndipo tsiku limene ndinamukalipira pamaso pa anthu tinaluza seti 6-1, mpaka lero ndimakumbuka mmene anakhalira chete ulendo wonse wobwerera.

Chimwemwe_BT:
Ine ndisiyane nanu pang'ono akuluakulu, tisamunamize mwana. Pa ndalama doubles ili kumbuyo kwambiri. Wimbledon 2024 Barbora Krejčíková atawina singles analandira mapaundi 2.7 miliyoni yekha, pamene Kateřina Siniaková ndi Taylor Townsend atawina doubles analandira 650,000 yoti agawane awiri. Ndiye kulira kwa mwanayo kuli ndi pake, waona kumene makamera amaloza. Ngati akufuna singles kochi asamutsekere, mayi pitani mukamufunse bwinobwino chifukwa chake.

Malume_wa_Ndirande:
A Chimwemwe za ndalama mwanena zoona sindikukana. Koma taonani dzina mwatchulalo. Krejčíková yemweyo anayamba kudziwika pa doubles ndi Siniaková, onse a ku Czech Republic, anafika nambala 1 pa doubles mu 2018, pomwe pa singles anthu asakumuwerengera n'komwe. 2021 ndi pamene anatenga French Open ya singles, ndipo sabata yomweyo anatenganso ya doubles, kenako golide wa Olympics ku Tokyo ndi mnzake yemweyo. Manja a pa neti amene anawinira Wimbledon anawaphunzira kuti? Venus ndi Serena Williams nawo analowa mafainolo 14 a Grand Slam pa doubles, onse 14 anawina, kuphatikiza golide wa Olympics 2000, 2008 ndi 2012. Akanakhala masewera a olephera sakanataya nawo nthawi.

Nachisale_Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Dzulo madzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde ndi foni tikuonera Cara Black pa YouTube mpaka bandulo inatha, mwana amangobwereza kagawo kamodzi ka pa neti. A Chimwemwe malangizo anu ndatsatira, ndinaimbira kochi, akuti mwanayu sevu yake ikadali yofooka koma pa neti saopa mpira, ndipo singles adzabwererako mpikisano wina. Tsopano funso lina, mtsikana wa ku Zingwangwa uja ndi wamanzere. Polandira sevu aime mbali iti?

Nabanda_Limbe:
Eee achemwali mwapeza mwayi, wamanzere ndi wamanja ndi timu yosowa. Ambiri amamuika wamanzere kumanzere, wanuyo kumanja, kuti forehand za onse, kumenya kwa mbali ya dzanja logwira laketi, ziyang'ane kunja. Ena amatembenuza kuti forehand zikumane pakati poti mipira yambiri imadzera pamenepo. Ayese zonse ziwiri Loweruka kochi akuona, koma akasankha asadzasinthe mkati mwa seti, lamulo sililola. Ndipo muitaneni mtsikanayo kunyumba adzadye limodzi mpikisano usanafike, agwirizane zizindikiro zawo komanso mawu oti akuwe mpira ukabwera pakati, kaya "wanga" kaya "siya", bola akhale amodzi.