Qigong ya pampando kwa agogo amene sangathe kuimirira nthawi yaitali: tiyambire pati?

NaMbewe:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumaidziwa qigong, masewera a ku China oyendetsa thupi mofewa motsatana ndi kapumidwe. Munthu wake ndi mayi wa zaka 78, mawondo ali ndi nyamakazi, akaimirira sapyola mphindi ziwiri, komanso amamwa mankhwala a BP. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amaonetsa anthu ataimirira chopinda mawondo. Kodi chokhala pansi zimathekanso, kapena n'kungotaya nthawi? Mpando wake ukhale wotani, ayambe ndi ziti, kangati, nanga zosayenera kuchita n'komwe ndi ziti?

Kachingwe:
Zimatheka mayi. Ku China kumene qigong inachokera, mndandanda wotchuka wa Baduanjin, wa zigawo 8, uli ndi mitundu iwiri kuyambira kale: woimirira ndi wokhala. Palinso Shibashi, wa zigawo 18, umene Lin Housheng anakonza mu 1979. Uwu suvuta kuusamutsira pampando chifukwa ntchito yake yambiri ili m'mikono ndi mu mpweya.

Yambani ndi mpando, chifukwa ambiri amalakwira pomwepa. Ukhale wolimba, wathabwa, wosagwedera. Sofa ayi: matako amamira, chiuno chimapendekera kumbuyo, msana umapindika, mimba n'kufinyika, ndiye mpweya umangothera m'chifuwa. Mipando yapulasitiki ija ya pa ukwati nayo ndi yoopsa pa simenti yopaka polishi, miyendo yake imakhadzuka munthu akapendekera mbali. Kuchoka pansi kufika pokhalira pakhale masentimita 43 mpaka 45, koma muyeso weniweni ndi thupi la mwini wake: mapazi onse aponde pansi mokwanira, mawondo alingane ndi chiuno kapena atsikeko pang'ono. Mapazi akamalendewera ikani thabwa lochindikala pansi. Mpando ukafupika, pindani bulangete muyale pokhalira. Kumbuyo kwake kugunde khoma.

Akhale chakutsogolo kwa mpando, osatsamira. Mapazi atalikirane ngati kukula kwa mapewa, akakolo akhale pansi pa mawondo penipeni. Alowetse manja pansi pa matako, amva mafupa awiri osongoka. Apendekere kutsogolo ndi kumbuyo mpaka thupi litakhazikika pamwamba pa mafupa amenewo, kenako achotse manja. Za mutu musavutike kufotokoza zambiri, ingowauzani kuti akhale ngati asenza mtsuko pa nkhata. Khosi limadziwongokera lokha, chibwano n'kulowa pang'ono. Mapewa agwe, nsonga ya lilime ikhudze kuseri kwa mano akumtunda.

Mphindi ziwiri zoyamba n'zongopuma. Zikhatho zisanjikizane pamimba, pafupifupi zala zitatu m'munsi mwa mchombo, pamene a ku China amati dantian. Akokere mpweya m'mphuno, mimba itukuke, potulutsa iphwe. Masekondi atatu kulowa, anayi kutuluka, zakwana. Lamulo lake ndi lakuti manja azitsata mpweya. Mpweya ukatha dzanja lisanafike, afupikitse ulendo wa dzanjalo, asaumirire mpweya.

Tsopano zoyendetsa thupi. Choyamba, manja achoke pa ntchafu, akwere pang'onopang'ono kutsogolo mpaka polingana ndi mapewa uku akukoka mpweya, kenako zigongono zitsike n'kutsogolera manja pansi uku akutulutsa. Maulendo 6. Chachiwiri chimayamba chimodzimodzi, koma manja akafika pa mapewa, zikhatho ziyang'anane, mikono itseguke m'mbali ngati akutsegula mawindo awiri, n'kubwereranso. Maulendo 6. Apa ambiri amakankha nthiti kutsogolo mpaka msana wam'munsi kupindikira mkati, ndipo mawa lake amadandaula chiuno. Mikono ilekezere pamene maso akuonabe manja onse awiri mutu usanatembenuke.

Chachitatu ndi kuchirikiza thambo, chigawo choyamba cha Baduanjin. Zala zilukane patsogolo pa mimba, zikwere mpaka pachifuwa, zikhatho zitembenuke n'kukankhira m'mwamba, kenako manja alekane atsikire m'mbali. Kanayi. Chachinayi ndi kukoka uta: mikono ipingasane pachifuwa, dzanja lamanzere likankhire kumanzere chala cholozera chili choimirira, lamanja likoke chingwe chigongono chikupita kumanja, maso atsate dzanja lamanzere. Katatu mbali iliyonse. Chachisanu, dzanja lina likankhe kumwamba, lina likankhe pansi pambali pa ntchafu, n'kusinthana, katatu mbali iliyonse. Potsiriza akweze zidendene zala zili pansi, azigwetse mofewa maulendo 7. Atseke ndi kubwezera zikhatho pamimba, apume katatu, apekese zikhatho mpaka zitenthe n'kupukuta nazo nkhope.

Zonsezi ndi mphindi 10 mpaka 12. Sabata yoyamba achite zitatu zokha zoyambazo, zinazo muziwonjezera chimodzi pa sabata. Tsiku lililonse pang'ono kumaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Akadya nsima adikire ola limodzi.

Mayi Chisale:
Bambo Kachingwe afotokoza bwino, koma pa nkhani yokhala chakutsogolo kwa mpando ndisiyane nawo pang'ono. Zimenezo n'za munthu amene msana wake uli ndi mphamvu. Wofooka akakhala choncho, pofika mphindi zitatu minofu yamsana yatopa, wayamba kukhota, ndipo akakweza manja angathe kutsetserekera kutsogolo. Muyeseni kaye: akhale osatsamira, manja atapingasa pachifuwa, kwa mphindi imodzi. Akamagwedezeka kapena kufuna pogwira, akhale chakumbuyo ndithu, mupinde thaulo ngati mkate muliike kuseri kwa chiuno, ndipo mpando ukhale wa zotsamirapo mikono. Mikono idzachepa potambasukira, koma kugwa kwa munthu wa zaka 78 kumatha kuthyola fupa la m'chiuno.

Za BP pali zinthu ziwiri. China ndi kugwira mpweya. Okalamba ambiri akamakankha manja m'mwamba amatseka pakhosi osadziwa, nkhope n'kufiira kapena mitsempha ya m'khosi kutukuka, ndipo BP imakwera nthawi yomweyo. Auzeni aziwerenga mokweza, chifukwa munthu sangalankhule atagwira mpweya. Manja asakhalitse pamwamba pa mutu, masekondi awiri basi. China ndi poimirira. Mankhwala ena a BP, makamaka aja okodzetsa, amachititsa kuti magazi achedwe kufika kumutu munthu akadzuka msanga. Akamaliza asanyamuke mwadzidzidzi: apondeponde mapazi maulendo 10 ali chikhalire, aimirire atagwira mpando, awerenge mpaka 10, ndiye ayende.

Amayi a msinkhu umenewu ambiri mafupa awo ndi ofumbwa mkati ngakhale sanayezetse. Chizindikiro chake ndi kufupika msinkhu ndi linunda limene likukula ndi ukalamba. Kwa otere, chigawo cha Baduanjin chowerama kukagwira zala zakumapazi chisiyeni, makamaka kuwerama uku akupotokola msana, chifukwa timafupa tamsana timatha kuphwanyika ndi katundu wochepa. M'malo mwake atsetserekese zikhatho pa ntchafu mpaka pa mawondo msana uli chowongoka, akupindira m'chiuno. Kuzunguza mutu wonse ngati mpira nakonso ayi. Atembenuzire kumanzere ndi kumanja kokha, mwapang'onopang'ono, ndipo asagadamitse mutu kuyang'ana kudenga. Pochirikiza thambo maso angoyang'ana kutsogolo.

Amene anaikidwa chiuno chachitsulo asapingase miyendo kapena kukweza bondo kupyola chiuno mpaka adokotala awo atavomereza. Amene anadwala sitiroko, mkono wofookawo musaukokere m'mwamba. Minofu yogwira phewa imakhala italobodoka, fupa limatsika pamalo pake, ndipo kukoka kumabweretsa ululu wosatha msanga. Dzanja labwino linyamule lofookalo cha pa chigongono, lilekezere pa msinkhu wa phewa.

Ululu muziuyeza chonchi: kumva kukokeka kapena kutopa pang'ono n'kwabwino, koma kubaya ayi. Bondo kapena phewa likamapwetekabe kuposa kale patatha maola awiri, ndiye kuti anapyola muyeso, mawa achepetse. Kupweteka pachifuwa, befu wachilendo, thukuta lozizira, kulemera kwa lilime kapena kufooka mbali imodzi, pamenepo siyani zonse muthamangire kuchipatala.

Chimene qigong ya pampando singachite ndi kuphunzitsa miyendo kusagwa. Malangizo a bungwe la WHO a 2020 amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi zophunzitsa kukhazikika ndi mphamvu masiku osachepera atatu pa sabata. Mphindi ziwiri zimene mayiwo amatha kuimirira musazitaye. Pamapeto aimirire ndi kukhalanso kasanu, akutulutsa mpweya ponyamuka, mapazi atawakokera pang'ono kumbuyo, mphuno ipyole mawondo asananyamuke. Pokhala asadzigwetse. Minofu ya ntchafu ikalimba ndi imene imapeputsa bondo la nyamakazi.

Zuze:
Ndiwonjezere za Baduanjin wokhala weniweniyo, chifukwa zimene zafotokozedwa pamwambazi ndi zoimirira zosamutsidwira pampando. Wokhalayo kale ankachitira pansi atapinda miyendo, koma pampando amatheka, ndipo ndi wofewa kwambiri moti amayenera ngakhale masiku amene agogo adzuka ofooka.

Amayamba ndi kugunditsa mano mofewa maulendo 36, milomo itatsekeka. Wa mano oikirira kapena ogwedera adumphe chimenechi. Kenako pali kuimba ng'oma yakumwamba: zikhatho zitseke makutu, zala zigone kunkhongo, chala cholozera chikwere pa chapakati n'kutsetserekera pansi mogogoda mutu. Mumamva ngati ng'oma yakutali mkati mwa mutu. Maulendo 24. Wovala zothandiza kumva azivule kaye. Kenako lilime lizungulire m'kamwa, kunja kwa mano ndi mkati, mpaka malovu achuluke, awameze m'magawo atatu. Chimenechi anthu amachiseka, koma okalamba ambiri amauma m'kamwa chifukwa cha mankhwala, ndiye chili ndi ntchito yake. Wotsamwatsamwa chifukwa cha sitiroko asachite. Potsiriza apekese zikhatho zitenthe, atikite msana wam'munsi mbali zonse, cha pamene pali impso, kukwera ndi kutsika maulendo 36. Mapewa akakana kufika kumbuyo, atikite ndi kuseri kwa zibakera, kapena wina awatikite.

Palinso Liu Zi Jue, wa mawu 6 otulutsira mpweya: xu, he, hu, si, chui ndi xi. Uli m'gulu la mindandanda inayi imene nthambi ya zamasewera ya boma la China inaikonza mwatsopano n'kuifalitsa mu 2003, pamodzi ndi Baduanjin, Yi Jin Jing ndi Wu Qin Xi. Mawu aliwonse amanenedwa maulendo 6. Wongoyamba kumene angotenga hu, milomo itazungulira ngati akuuzira phala, mpweya utuluke pang'onopang'ono. Zimafanana ndi kapumidwe kamene a mafizo amaphunzitsa odwala mapapo. Mwambo wa ku China umalumikiza mawu aliwonse ndi chiwalo chake, monga xu ndi chiwindi, chui ndi impso. Chimenecho ndi chiphunzitso chawo cha makolo. Wina akakuuzani kuti qigong ichiza shuga kapena BP mpaka kusiya mankhwala, musamumvere.

NaMbewe:
Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Pali ziwiri zotsala. Ayesa masiku atatu, koma pofika mphindi zisanu akuti mutu ukupepuka ndipo zala zikuchita dzanzi. Pa vidiyo ina akuti imeneyo ndi qi, mphamvu ya m'thupi imene a ku China amakhulupirira, ikuyenda. Zoona? Chachiwiri, mnzawo wina ali pa njinga ya olumala akufuna kuchita nawo.

Mayi Chisale:
Mayi NaMbewe, kawirikawiri kumeneko ndi kupuma mopyola muyeso. Munthu ukamuuza kuti apume kwambiri amakoka mpweya wambiri mothamanga, thupi limataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, mitsempha yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndiye chizungulire ndi dzanzi m'zala kapena kuzungulira milomo. Zikayamba asiye, aike manja pa ntchafu, apume mwachizolowezi, zimatha m'mphindi zochepa. Mawa lake musawauzenso zopuma kwambiri. Kwa sabata yonse angoyendetsa manja, mpweya uzidziyendera, ndipo asadzaze chifuwa mpaka kumapeto. Kutentha m'zikhatho kokha sikodetsa nkhawa. Koma dzanzi la mbali imodzi, kapena losatha atapumula, n'la kuchipatala tsiku lomwelo. Ndi bwinonso kuwayeza BP asanayambe ndi atamaliza kwa masiku angapo, mulembe manambalawo mukaonetse ku kiliniki. Ngati ali ndi shuga ndipo amamwa mankhwala kapena kubaya insulin, asachite ndi njala.

Wa pa njingayo amange mabuleki onse awiri. Timatayala takutsogolo tiloze kutsogolo: bwezani njinga m'mbuyo pang'ono musanamange mabuleki, timatembenuka tokha, ndipo njinga sigwa chamutu iye akaweramira kutsogolo. Ngati mapazi angafike pansi, pindani zopondapo aponde pansi. Ngati safika, mapaziwo akhale pa zopondapo koma asaziponde mwamphamvu. Matako alowe mpaka kumbuyo, ndipo wosakhazikika amange lamba wa m'chiuno. Zotsamirapo mikono zikamatchinga, achite zonse manja ali pamwamba pake.

Kachingwe:
Pa njinga onjezani kupendekera m'mbali. Dzanja ligwire chotsamirapo mkono, thupi lipendekere kumanzere mpaka thako lamanja lipepuke, akhale choncho akupuma mwachizolowezi kwa masekondi 30, abwerere pakati, kenako mbali inayo. Zimapumitsa khungu la pokhalira, pamene pamayambira zilonda. Ngati mikono siitha kukwera, atambasule zala pokoka mpweya n'kuzifumbata mofewa potulutsa, maulendo 10, manja ali pa ntchafu. Akakhala awiri, mipando italikirane mikono iwiri yotambasula kuti asamenyane pokoka uta, ndipo wowatsogolera akhale moyang'anana nawo, azikweza dzanja lamanja ponena kuti lamanzere.