Geti lathu la magetsi layambanso kuyenda bwino

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lokhudza geti lathu kuno ku Kasungu, lomwe linkaima pakati potseguka kenako n'kubwerera lokha. Ndinatsatira malangizo a bambo amene anati ndisathamangire kugula mota yatsopano, koma ndiyambe ndayeza batire. Geti litaima, batirelo linkaonetsa mavoti 12, koma likangoyamba kuyenda mphamvu inkatsika mpaka 9. Nditaika batire lina la mavoti 12 ndi 7Ah (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga), geti linayenda, ngakhale linkagwirabe pamalo amodzi. Pamenepo ndinapeza timiyala ndi dothi louma zitadzaza m'mbali mwa njanji imene getilo limayendapo, ndipo nditapala n'kusesa, vutolo linatheratu. Amene mwakumana ndi vuto lotere, yezani batire pamene mota ikukoka geti, chifukwa batire lofooka limaoneka labwino mota ikakhala chete.