Gorodi ndi Nyika pa njinga zamoto pa tchuthi cha 6 Julayi: tiyambire mbali iti?

WaLuwinga_AG200

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene munayendapo m'mapiri a ku Rumphi pa njinga yamoto.

Chaka chino 6 Julayi ikugwa Lolemba, ndiye ine ndi mnzanga wa kuntchito tapempha kuti atipatsenso Lachisanu. Tonse timakhala kuno ku Mzuzu. Ine ndili ndi Yamaha AG200 imene ndinagula pamene bungwe lina linkagulitsa njinga zake zakale, mnzangayo ali ndi DT 125. Misewu yafumbi si yachilendo kwa ife, ya ku Mpherembe ndi Euthini timaidziwa bwino, koma zitunda zenizeni za miyala sitinazikwerepo.

Tinakonza chonchi. Lachisanu tichoke ku Mzuzu, tidutse pa Rumphi, tilowe m'paki ya Nyika pa chipata cha Thazima, tikagone ku Chelinda, m'kati mwa pakiyo. Loweruka tizungulire pa Nyika. Lamulungu tibwerere ku Rumphi, tikhote pa Njakwa kukwera ku Livingstonia, ndipo madzulo omwewo titsike Gorodi, msewu wa m'phiri wochokera ku Livingstonia, tikagone kunyanja ku Chitimba. Lolemba tikwere Chiweta kubwerera kwathu.

Kwa ine mtima wa ulendowu ndi Gorodi. Agogo anga aamuna anaphunzira ku Khondowe, komwe ndi ku Livingstonia, ndipo ankatiuza kuti ankakwera phirilo wapansi kuchokera kunyanja, bokosi lili pamutu. Ndikufuna ndione ndi maso anga pamene iwo ankadutsa.

Chimene ndikufuna kudziwa: Gorodi ndi bwino kuitsika kapena kuikwera kwa munthu woyamba? Nanga mafuta ku Nyika munkachita bwanji?

MwanaWaBolero

Achimwene, ulendo wanuwo ndi wabwino, koma mwauyambira kumchira. Utembenuzeni.

Taonani tsiku la Lamulungulo. Kuchokera ku Chelinda kufika ku Rumphi ndi makilomita opitirira 110, ndipo ambiri mwa iwo ndi fumbi, miyala ndi timabampu tating'ono tomwe timatopetsa mikono. Mukawonjezera msewu wa ku Livingstonia, pamwamba pa Gorodi mukafikapo dzuwa litapendeka, manja atalema kale. Mu Julayi mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndipo Gorodi inayang'ana kummawa, kunyanja. Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri, m'makona muja mumachita mthunzi nthawi isanathe. Pamenepo ndi pamene mukufuna kuyamba kutsika makona 20 okhota kwambiri, phompho lili pambali? Ayi ndithu.

Chitani izi. Lachisanu mmawa tengani M1, mudutse Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi, mutsike Chiweta pa phula. Pa Chiwetapo chenjerani ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, amadya msewu wonse pa kona, ndiponso anyani amakonda kukhala pakati penipeni pa msewu. Mukafika ku Chitimba idyani, mwani madzi, kenako kwerani Gorodi dzuwa lili pamutu, mphamvu zikadalipo. Ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma musawaderere. Msewuwo anauboola amishoni mu 1905, nthawi ya ngolo, ndipo ndi wopapatiza mpaka lero. Pali makona ena oti Land Cruiser imayamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote. Pena anathirapo konkire, pena ndi miyala yoyenda yokhayokha, ndipo pamene konkire yathera pamakhala kachitunda kodumpha komwe kamadzidzimutsa tayala lakutsogolo.

Pokwera, njinga ikakukanani, mumangoima n'kuponda pansi. Potsika, phiri ndi limene limakuuzani liwiro. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Lizani hutala musanalowe kona iliyonse. Anyamata a kabaza amatsika msewu umenewo tsiku ndi tsiku, ena atazimitsa injini kuti asunge mafuta, ndiye simungawamve akubwera.

Mukafika pamwamba nthawi idzakhala ikadalipo. Mathithi a Manchewe ali m'mbali mwa msewu musanafike pa mishoni, madzi amagwa mamita pafupifupi 125, ndipo ana a pamenepo adzakusonyezani njira ya kuphanga la kuseri kwa madziwo, komwe Aphoka ankabisala nthawi ya nkhondo. Popeza agogo anu anaphunzira kumeneko, lowani mu Stone House, nyumba ya Dr Robert Laws amene anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894. Masiku ano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Muonenso tchalitchi chachikulu cha njerwa chija.

Loweruka mutsike cha ku Njakwa, msewu wosavuta poyerekeza ndi Gorodi, mudzaze mafuta pa Rumphi, mudutse kwathu ku Bolero, basi mpaka ku Thazima. Pa Rumphi ndi pomaliza pamene mungadalire pampu. Kupita ndi kubwerera ku Chelinda ndi makilomita opitirira 220, osawerengera kuzungulira kwanu m'mwambamo, ndiye aliyense anyamule malita asanu apadera. Kukakhala kuti mafuta akusowa, pa filing'i amakana kuthira m'zigubu, choncho chigubucho muchidzaziretu ku Mzuzu masiku akadalipo. A m'mabotolo a m'mbali mwa msewu muwagule pokhapokha mutasowa pogwira.

Yewo, muyende makora.

Makaniko_wa_mumsika

A Bolero anena zoona, ine ndingowonjezera za njingazo.

Imene ikundidetsa nkhawa ndi DT ya anzanuwo. AG200 ndi ya 4-stroke, mukaiika giya wani potsika injini imakugwirirani yokha, ndipo giya wani wake ndi wotsika kwambiri chifukwa anaipangira kumunda. DT ndi ya 2-stroke, injini yake sigwira njinga potsika, katundu yense amagwera mabuleki. Buleki ikatentha pa mtsetse wautali imayamba kufewa, mumaponda koma njinga imangopita. Ndiye ngakhale mutakwera Gorodi m'malo moitsika, musaiwale kuti Chiweta mudzaitsika, Nyika mudzaitsikanso. Muziima pakatipakati, mabuleki azizire.

Musananyamuke sinthani mashuzi a mabuleki ngati atha, ndipo AG yanuyo ndi ya dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mangitsani masipoko onse. Timabampu ta ku Thazima timamasula chilichonse chimene chinali kale cholobodoka, nambala puleti, magalasi, mabawuti a keliyala. Tcheni cha AG chili m'chikuto, fumbi silichifika kwenikweni, koma cha DT chili pamtetete, chimafuna oilo madzulo aliwonse. Anzanuwo adzaze kathanki ka oilo wa 2T ndipo anyamule botolo lina.

M'chikwama mukhale chubu chakutsogolo ndi chakumbuyo, zigamba ndi guluu wake, zitsulo zochotsera tayala, pampu ya manja, kebulo ya klatchi, ndi mapulagi awiri a DT. Mapulagiwo ndikunena dala. Chelinda ili mamita pafupifupi 2,300 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wochepa, pamene kabureta imathirabe petulo yemweyo. Zotsatira zake njinga imalemera, imatsamwa, pulagi imada ndi mwaye. Mphamvu imatsika ndithu mpaka mudzaganiza kuti china chafa. Sichinafe, musayambe kumasula kabureta m'tchire. Tsukani eyakilina musanakwere, pulagi ikada isintheni, mukatsikira ku Rumphi njinga idzabwerera mwakale.

Za matayala, anthu amakonda kunena kuti phwetsani pang'ono pa miyala. Pang'ono pomwepo, osapitirira. Tayala la chubu likafewa kwambiri, mwala umakanikiza chubu pa limu, chimabooka pawiri, ndipo chigamba chimodzi sichikwana.

Katundu wolemera mum'mange pafupi ndi msana wanu, osati kumapeto kwa keliyala. Pa kona yokwera ya Gorodi katundu wa kumbuyo amanyamula tayala lakutsogolo.

Namwino_wopuma

Ana anga, ine njinga sindiyendetsa, koma ndinagwira ntchito ya unamwino m'boma la Rumphi zaka zambiri, ndipo ogwa pa njinga ndawasambitsa mabala ochuluka. Ambiri sankagwa chifukwa cha liwiro. Ankagwa atatsala pang'ono kuima, pa kona, njinga n'kuwagwera pa mwendo. Chimathyoka ndi kakolo, chimapsa ndi katumba pa ekizozi. Valani jombo zofika pamwamba pa akakolo, buluku lokhuthala ndi magolovesi. Chipewa chimangidwe lamba pachibwano, chosamanga chimavuka munthu asanafike n'pansi pomwe.

Ku Livingstonia kuli chipatala cha David Gordon Memorial, ndiye kumeneko thandizo lili pafupi. Ku Nyika n'kosiyana. Mukavulala pakati pa Thazima ndi Chelinda, foni sigwira malo ambiri, ndipo mutha kukhala nthawi yaitali osaona galimoto. Musasiyane patali, wakutsogolo aziona nyali ya mnzake pagalasi. Uzani wina ku Mzuzu tsiku ndi nthawi imene muyenera kutuluka.

Kuzizira kwa kumeneko musakuyerekeze ndi kwa ku Mzuzu. Mu Juni ndi Julayi ku Chelinda udzu umadzuka utayera ndi chisanu, madzi otsala m'beseni amaundana. Munthu wa panjinga mphepo imam'lowa kawiri, ndipo zala zikachita dzanzi sizimva buleki. Musanyamuke mbandakucha, dikirani dzuwa likwere. Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza, pamwamba jekete yotchinga mphepo. Mumwenso madzi ngakhale ludzu palibe, kozizira anthu amaiwala.

Mlonda_wa_mbidzi

Ine ndisiyana nanu pang'ono, a Bolero. Loweruka limene mwawakonzeralo ndi lalitali, ndipo m'paki salola kuyenda usiku. Akachedwa pa mzere wa mafuta ku Rumphi, pa Thazima akafika mochedwa, ndipo kuchokera pachipatapo kukafika ku Chelinda kwatsalabe makilomita pafupifupi 60. Achoke ku Livingstonia kukangoyera, ndipo aike malire: ikakwana 2 koloko asanalowe pachipata, agone kunja, alowe mmawa.

Chinanso, achimwene a ku Luwinga, imbiranitu foni a ofesi ya zamapaki muwauze kuti mukubwera pa njinga zamoto, akuuzeni misewu imene mungayendemo ndi ndalama zolowera. Nyika ndi paki yaikulu kuposa onse m'Malawi, kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,200, ndipo tinjira tambiri m'mwambamo timafanana. Mtambo ukatsika simuona ngakhale chitunda chapafupi. Musachoke mumsewu kukwera pa udzu, ndi zoletsedwa, komanso m'munsi mwa zitunda muli madambo omira.

Kufupi ndi Thazima, m'nkhalango ya misuku ndi mitondo, muli njovu. Zina 34 anazibweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2017. Mukaona ndowe zaziwisi mumsewu chepetsani liwiro, ndipo mukaziona zenizenizo imani patali, muzipatse mpata zidutse. Phokoso la DT sizilikonda. Mukatuluka m'mitengomo n'kufika pa udzu wokhawokha, mudzakumana ndi mbidzi, ntchefu ndi achilembwe ali m'magulu, osathawa kwenikweni mukamayenda pang'onopang'ono. Lamulungu lonse likhale la kumeneko. Penapake msewu umayenda m'malire enieni a Zambia, koma palibe chodindira pasipoti.

WaLuwinga_AG200

Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera mnzanga zonsezi ndipo tagwirizana kutembenuza ulendo: Chiweta ndi Gorodi Lachisanu, kugona ku Livingstonia, Nyika Loweruka ndi Lamulungu. Malire a 2 koloko pa Thazima tawalandira. Mayi namwino, jombo ndinali nazo kale, magolovesi okhuthala ndikagula mawa pa kaunjika.

Akulu amakaniko, DT ija tikufuna ionedwe mabuleki ndi masipoko sabata ino. Funso limodzi latsala: chubu chakutsogolo cha DT chingalowe m'tayala lakutsogolo la AG pa ngozi, kapena aliyense anyamule zake?

Makaniko_wa_mumsika

Aliyense zake. Tayala lakutsogolo la DT ndi la mainchesi 21, koma la AG200 likhoza kukhala losiyana, muone nambala yolembedwa pa tayalalo. Chubu chachikulu chimalowa m'tayala laling'ono ngati mwapanikizika, koma chimapindika mkati n'kuyamba kudyeka, ndiye chingokufikitsani pa Rumphi basi. Akumbuyo onse ndi a 18, amenewo mutha kubwerekana.